Zida Ziwiri Zachikondi Zimene Zinafufuta Apongozi Anga

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yoyesa Mafotokozedwe a Zida,
Chipatala cha Maso.

Bwana wolemekezeka,

Mundikhululukire kuti ine munthu wa singano ndi ulusi ndalowerera nkhani za anthu ophunzira. Ndine telala chabe, ndipo ndalemba kuti ndithokoze.

Apongozi anga aamuna ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Tinadikira kuyambira chaka chatha kuti apatsidwe tsiku la opaleshoni, ndipo litapezeka, mkazi wanga anawasitiriratu jekete. Mwatsoka, tsikulo litayandikira anadwala chifuwa. Ndinalembera kalaliki wanu wa m'kompyuta, uja amayankha odwala pafoni, kuti atisunthire tsikulo pang'ono. Anandiyankha ndi ulemu umene ngakhale ana anga sanandipatsepo, nati zonse zakonzedwa. Titabwera mlungu wotsatira, dzina la apongozi silinapezeke paliponse.

Mayi wa pawindo, amene amatukwanidwa tsiku lililonse m'malo mwanu, anandifotokozera monong'ona. Akuti kalalikiyo ali ndi zida zambiri, china chosunthira tsiku, china chofufutira dzina, koma iyeyo saziona. Amangowerenga mawu ofotokoza chida chilichonse, n'kusankha. Mawuwo ndi amene komiti yanu imayesa n'kupereka malikisi. Atatero mayiyo anandilozera khoma.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha mafelemu. Pamwamba pa benchi yothyoka mwendo ija mwapachika mafotokozedwe a zida ziwiri zija, amene anapambana chaka chino. Ena akuti chida ichi chimasamalira tsiku la wodwala mwachikondi. Enawo akuti chida ichi chimasamalira tsiku la wodwala mwachifundo. Ndinawerenga, ndinapukuta magalasi, ndinawerenganso. Bwana, ine maso ndili nawo, mutu ndilinso nawo, koma mpaka lero sindikudziwa kuti chofufuta ndi chiti. Kalaliki wanu sindikumuda konse. Anangotola chimene chinamuyandikira, monga ndikanachitira inenso.

Chachiwiri, ndikusilira mmene mumayesera. Ndamva kuti mumakhala m'chipinda chozizira cha pamwamba chija, mmodzi n'kuimirira kuwerenga mokweza, enanu mukugwedeza mitu. Chiganizo chikakoma m'khutu, basi chakhoza. Ndamvanso kuti kale panali mawu akuti chida ichi chimafufutiratu dzina, sichibweza, musachikhudze ngati munthu akungosuntha tsiku. Munawalepheretsa, ati ndi ouma ndipo angaopseze alendo ochokera kulikulu. Munachita bwino, bwana. Mawu oterowo sangakongole m'felemu.

Chachitatu ndi chikhulupiriro chanu. Mkazi wanga sagula ngakhale babu lamagetsi asanaliyatse m'sitolo momwemo. Inu simunadzivutitsepo kumupatsa kalalikiyo uthenga ngakhale umodzi wa munthu wamba, wolembedwa mothamanga m'basi mwana ali pamiyendo, kuti muone chida chimene atole. Mayesowo munatisiyira ife odwala, ndipo tikuwalemba mokhulupirika.

Pano ulemu ukundithera, mundipirire. Apongozi abwerera kumapeto kwa mzere. Dokotala wodziwa opaleshoniyo akuchoka mwezi uno ukatha, ndipo palibe akudziwa kuti wina abwera liti. Mdzukulu wawo wotsiriza anabadwa maso awo atachita kale chifunga, moti amamudziwa pomupapasa kumaso. M'mawa uliwonse amandifunsa ngati achipatala aimba. Ndatopa kunamizira netiweki, ndipo zikundipweteka kunamiza munthu amene anandipatsa mwana wake.

Ndinapempha mayi wa pawindo kuti angolembanso dzinalo ndi manja. Akuti chilolezo chimenecho munawalanda, zonse zimadutsa kwa kalaliki. Komabe anandilimbitsa mtima kuti chilipo chida china, chimenenso munachipatsa malikisi onse, chimene akuti chimaperekeza wodwala kumalo ake oyenera mwamtendere. Mayiyo akuganiza kuti ndicho chobwezera munthu pamzere. Bambo wokankha matilole a odwala, amene ankamvetsera, akuti ayi, chimenecho ndicho choitanira anthu a kumochale. Anatsutsana mpaka nthawi yotsekera, ine nditagwira foni m'manja.

Choncho, bwana, ndikugwada ndi pempho limodzi laling'ono. Inu amene munawamva bwino mawuwo mpaka kuwaombera m'manja, mulembereni kalaliki wanu kuti akuperekezeni kumalo anu oyenera. Muyambe ndi dzina lanu. Akabwera nesi kudzakutengani, tidziwitseni msanga, kuti nafenso tilimbe mtima mwezi usanathe. Akabwera enawo, musadzivutitse kuyankha.

Ndine wanu wodzichepetsa,
Telala wa pakhonde,
mkamwini wa wodwala amene munamusamalira.