Makadi a Bambo Zili-Apa

Bambo Zili-Apa ankayankha munthu asanamalize kufunsa. Anakhala kalaliki wa mu laibulale zaka makumi atatu, ndipo ukangoti "Ndikufuna buku la nkhu..." anali atakupatsa kale awiri, la nkhuku ndi la nkhunda, n'kukufunsa kuti umatanthauza ziti. Ena ankati ndi mankhwala. Mankhwala ake ati? M'mawa uliwonse mkuluyu ankazungulira mashelefu onse ngati kangaude, n'kumalemba pa timakadi dzina la chilichonse ndi pamene chili.

Makompyuta atabwera, mphunzitsi wina anawaseka kuti ntchito yawo yatha, poti makinawo amasanthula dziko lonse m'kuphethira kwa diso. Iwo anamuuza kuti asadzinamize. Makinawo safufuza nthawi imene wafunsayo. Anayendayenda kale m'masamba onse a pa intaneti, n'kulemba mawu aliwonse ndi komwe ali, ndiye ukafunsa amangotsegula mndandanda.

"Anaonera kwa ine," anatero, "koma ngakhale zikomo."

Tsoka lake, khalidweli analitengera kunyumba. Singano inali ndi khadi, chipeso khadi, mphaka ndiye khadi lake linkasinthidwa katatu pa tsiku. Akazi awo ankalalata kuti anakwatiwa ndi kabati, koma zaka zonsezo sanafunefuneko kanthu. Ankangoti "Kodi..." chinthucho n'kufika m'manja.

Maliro a Bambo Zili-Apa atatha, anthu atabalalika, mayiwo anazindikira kuti ndi mlendo m'nyumba mwawo momwe. Kusungulumwa kwake kunali kosaneneka. Tsiku lina magalasi anasowa, kalata ya mwana wawo ili pa tebulo yosawerengedwa. Anagubuduza mipando, anakutumula zofunda, kenako mwachizolowezi anati "Kodi..." Nyumba inangoti zii.

Mokwiya anatsegula bokosi la makadi lija ankalinyoza. Chapakati panali khadi limodzi lalitali kuposa anzake, lolembedwa zilembo zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani, zoti ndi maso opanda magalasi omwe awerenge: "MAGALASI: GWIRANI PAMUTU PANU, MAYI."

Analidi pomwepo. Mayiwo anaseka mpaka misozi, n'kuwatsitsira pamaso. Kalata ija sanaiyambe kaye. Anayang'ana pa "Bambo", anayang'ana pa "Mwamuna", anafika mpaka pa "Zili-Apa", kenako anayambiranso pa A, khadi ndi khadi. Singano anaipeza, mphaka anamupeza. Koma munthu amene ankadziwa malo a chilichonse sanalembe komwe iye angapezeke.