Mpando Wakumbuyo Wopita ku Dedza

Lolemba

Loweruka ndikupita ku Malawi! Ndalemba ndipo ndawerenganso kuti ndikhulupirire.

Shefu, mwini famu yathu ino ya ku Trelawney, kupitirira Harare, wagula njinga yamoto. Kuitchula njinga n'kuinyoza. Ana a m'komboni akuti mudhudhudhu, koma sikulira ngati ka folomani kaja, ikubangula pansipansi ngati nkhunzi. Ili ndi wailesi, galasi lotchinga mphepo, mabokosi atatu, mpaka giya yobwerera m'mbuyo. Mpando wakumbuyo uli ndi potsamira msana ndi poika mikono. M'nyumba mwanga mulibe mpando wotero.

Akupita ndi anzake a njinga zoterezi, kudzera ku Nyamapanda ndi Tete. Wandipeza m'shedi ndikusankha fodya. "Achimwene, iwe umadziwa chikwanu. Ukhala kumbuyo, uzikandilankhulira ndi apolisi."

Kwathuko sindinapondeko. Ndinabadwira m'komboni muno. Pasipoti yanga ikutha mwezi wamawa, mulibe chidindo ngakhale chimodzi. Ndipo bambo asanamwalire anandigwira dzanja nati, "Ukadzapeza mpata udzatapeko dothi la pamanda anga, ukathire kwathu ku Dedza." Mpata wake ndi uno.

Lamulo la Shefu ndi limodzi: ine ndi katundu wanga tisapose makilo 70. Ndakwera pasikelo ya mabelo. 64. Ndavula gambutsu, 63.

Zotenga:
chitini cha dothi
pasipoti, m'mapepala awiri a pulasitiki
malaya a kutchalitchi
mankhwala a m'mimba

Lachiwiri

Mkazi wanga, Mai Rudo, akuti anangouza munthu mmodzi yekha, kumpopi. Pofika masana khonde langa lasanduka depoti ya basi.

Mai Esinati: bulangeti la achemwali awo a ku Ntcheu, amene sanawaonepo, koma akuti ndikawazindikira chifukwa mphuno ndi imodzimodzi.
Sekuru Zuze, gogo wa m'komboni: wailesi yakufa, ya mng'ono wawo ku Tete. "Ukangotsika pamlatho ufunse kwa a Zuze." Tete yense!
Folomani: tambala wamoyo.
Ena: shuga, nsapato, chithunzi cha ukwati chokhala ndi felemu yagalasi.

Ndazisankha ngati fodya. Giredi yoyamba, yachiwiri, zotaya. Pasikelo zonse pamodzi zikulemera kuposa theka la ine. Ndabweza zonse khomo ndi khomo, ndikufotokoza za makilo. Palibe amene akufuna kumva za makilo.

Mai Esinati: "Sanakwere n'komwe, wayamba kale kuyenda ngati wa pabodala."

Madzulo kumanda. Ndagwada, ndawauza bambo, ndatapa ndi supuni chakumutu. Dothi ndalisefa ndi sefa ya ufa kuti timiyala tisawonjezere kulemera. Mai Rudo asadziwe za sefayo. Chitini ndi cha polishi wa pansi, chophwatalala, ndachitsuka mpaka fungo latha. Ndamanga ndi chingwe cha mabelo.

Lachitatu

Sindikudya masana. Tiyi wopanda shuga. 62!

Shefu wandibwereka chipewa cha panjinga cha madamu ake. Ndi chofiirira ngati switi, m'kati chikununkha mafuta a tsitsi. Ndikachivala ndikumva kupuma kwanga kokha, ngati ndili m'mtsuko.

Wandiphunzitsa kakhalidwe. "Njinga ikapendekera kumanja, iwenso upendekere kumanja."

Misala! Moyo wanga wonse ndakwera ngolo ya thalakitala. Ikapendekera kumanja munthu amaponya thupi kumanzere. N'chifukwa chake ndikadali moyo. Koma sindinatsutse. Ndalemba padzanja ndi bolopeni: TSATIRA NJINGA.

Ndikuyeserera pabelo la fodya anthu atapita kukadya. Kumanja, kumanzere, kumanja. Azimayi osankha fodya andipeza ndili chopendekera, chipewa kumutu. Mmodzi waseka mpaka wakhala pansi.

Zodetsa nkhawa:
mkodzo panjira, ndimuuza bwanji Shefu?
ndigwire pati, m'chiuno mwa bwana?
ndikafika ku Dedza ndikanene kuti ndine yani?

Mai Rudo akusita malaya anga osandiyang'ana. "Mukafa mukafere konko, Baba Rudo. Ana asadzavutike ndi chitini china."

Lachinayi

Sindikufuna kulemba. Koma ndilemba.

Shefu wati tiyese, kuchoka kunyumba yaikulu mpaka kudamu. Ndakwera. Mpando wake, Ambuye! Wofewa ngati chiwindi. Wailesi ikuimba. Mizere ya mabalani ikudutsa ngati ikuthawa. Kwa kanthawi ndamva ngati ndine munthu.

Kenaka pansi panga payamba kufunda. Ndati basi, zachitika, ndanyowetsa mpando wa bwana. Ndikupapasa buluku mwakabisira. Louma. Kani mpandowu umatentha wokha, Shefu wadina batani osandiuza.

Ndili m'kati mopapasa, tafika pokhota pa damu, pamchenga paja. Njinga yapendekera kumanja. Dzanja lolembedwa lili pansi pa thako. Thupi lachita zomwe limadziwa.

Tagwa pang'onopang'ono, ngati ng'ombe ikugona. Palibe wavulala. Wailesi ikuimbabe chogona.

Awiri sitingaidzutse. Afunika amuna asanu ndi mmodzi, ndipo amene abwera ndi omwe aja ndinawabwezera katundu. Folomani akukweza kwinaku akufunsa mokweza mawu, "Ndiye kwanuku ndi kuno, kudamu?"

Bokosi lakumanja lakalika, mzere wautali ngati chala changa. Shefu wausisita nthawi yaitali. Kenaka: "Thumba la feteleza likanakhala bwino kuposa iwe. Silikhala ndi maganizo."

Ndabwerera wapansi, chipewa m'manja.

Lachisanu

Pampando wanga pamangidwa tenti ndi bokosi la zakumwa zozizira. Malamba awiri. Zakhala bwino, sizikupendekera kulikonse.

Za apolisi akuti foni yake imamasulira.

M'mawa wonse ndikupukuta pokalika paja. Ndiye chilango. Sipakuchoka.

Ndadikira pakhonde la nyumba yaikulu mpaka watuluka. Ndavula chipewa changa chenicheni. Ndati Shefu, ine nditsale, ndavomera, koma bambo apite. Chitini sichikwana ndi kilo imodzi, ndayeza. Sichigwira munthu m'chiuno.

"Muli chiyani?"

Ndafotokoza zonse monga ankanenera bambo. Mukadutsa bodala, phiri likhale kumanja, mufunse tchalitchi chakale cha njerwa, muthire pansi pa mtengo uliwonse waukulu, mutchule dzina lawo. Dzina ndalilemba pachivundikiro. Iye maso ali pafoni, akugwedeza mutu.

"Ehe, ehe, Dedza. Ika m'bokosi lapamwamba."

Ndaika ndekha, pakona, ndatchinjiriza ndi masokosi ake. Mtima wakhalako pansi. Ine ndine wolephera, chabwino. Koma mdala akupita pa njinga ya wailesi, iye amene anabwera kuno wapansi.

Masana ndadya mbale ziwiri. Sekuru Zuze abweretsanso wailesi ija. "Poti watsala, mwina ungaikonze."

Loweruka

Anzake a Shefu afika m'mawa, njinga zisanu, zonse zonona. Komboni yonse yakhamukira pageti. Amuna ovala zikopa zakuda, mimba patsogolo. Akuti ajambulitse chithunzi pansi pa chikwangwani cha famu.

Pageti pali paipi yodontha. Ndakhala ndikunena za paipi imeneyi chiyambire Pasaka! Pansi pafewa. Shefu watsitsa mwendo woimikira njinga, mwendo wayamba kulowa m'matope, njinga ikupendekera. Wakuwa, "Chinthu chophwatalala, msanga!" Mnzake watsegula bokosi lapamwamba, wapisa dzanja.

Ndaona. Koma ndili kuseri kwa anthu.

Watulutsa chitini, wachilonga pansi pa mwendo. Njinga yatsamira ndi thupi lake lonse. Phwa! Chingwe chaduka, chivundikiro chafwamphuka, dothi lamwazika m'matope.

Njinga yaima bwinobwino. Chithunzi ajambula, onse akuseka, zala m'mwamba.

Ponyamuka Shefu wayang'ana pansi, kenaka wandiyang'ana ine. Ndikuganiza kuti wakumbukira. "Sore Achimwene. Ndikubweretsera lina la konko, lambiri."

Matayala asanu ndi limodzi akumbuyo adutsa pomwepo, limodzilimodzi.

Mai Esinati sanaseke. Andipatsa mpango wawo kuti ndiwoleremo matopewo. Zimenezo zandipweteka kuposa kuseka.

Lamlungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndayanika matope aja pathumba kuseri kwa nyumba.

Ndimadziwa kusiyanitsa tsamba la fodya la mtundu wa mandimu ndi la mtundu wa lalanje ngakhale kuli mitambo. Ndakhala m'mawa wonse ndi supuni, kufuna kupatula dothi la bambo ndi la pageti. Ndi lofiira lonse. Ndi lomwe lija analima moyo wawo wonse.

Ndapita nalo kumanda, ndabwezera chakumutu. Lachuluka kuposa limene ndinatapa. Ndawauza kuti mwafika pageti, bambo, ndipo pang'ono pomatirira kumatayala mwina padutsa Harare. Sindinawanamize zoposa pamenepo.

Zobweza mawa:
chipewa cha madamu
mpango wa Mai Esinati
sefa yatsopano, Mai Rudo azindikira, nsima ya dzulo inali ndi mchenga

Pasipoti ndaibwezera m'sutikesi, m'mapepala ake awiri. Padzanja pakuonekabe TSATIRA NJINGA, sopo akukanika.

Podutsa kushedi ndakwera pasikelo, chizolowezi chabe. 64.

Paipi ikudonthabe.