Maliro Amene Ndinawatola ku Mtsinje

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuinena pagulu. Koma popeza Amalawi onse, kuyambira ku South Bend kuno mpaka ku Indianapolis, akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini manyazi.

Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mwezi wa Okutobala uja ndinali nditatopa mpaka kumaiwala pomwe ndaimika galimoto. Nesi mnzanga wachizungu anandiyang'ana nati mankhwala anga ndi amodzi okha: ndipite kumtsinje, ndikathimitse foni, ndikakhale chete. Ndinamuseka. Kwathu ku Ntcheu ndinakulira m'tchire, koma sindinaonepo munthu akukazonda mtengo ngati m'bale wake wodwala.

Komabe tsiku langa lopuma, mkazi wanga, amake Tadala, atapita ku shifiti yam'mawa ndipo ana ali kusukulu, ndinazemba kupita kupaki ya m'mphepete mwa mtsinje. Ndinathimitsa foni, kuvula nsapato, n'kukhala pansi patsinde pa mtengo.

Ndisaname, zinandigwira mtima. Masamba anali atafiira, ena achikasu, akugwa limodzilimodzi pamadzi. Mtsinje unkangopita, osathamangira basi, osaopa bwana. Ndinazindikira kuti chibwerere ku America ndinali ndisanakhalepo pansi osayang'ana wotchi. Ndinakumbukira malemu bambo anga, momwe ankakhalira m'mbali mwa dimba akangomaliza kuthirira, osachita kanthu, ife n'kumati ndi ulesi. Misozi inangoyamba yokha.

Ndipamene anatulukira a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, amene dokotala anawalamula kuti aziyenda m'mawa uliwonse.

Tsono kwathu munthu wamkulu sakhala yekha pamtsinje, nsapato pambali, misozi ili chuchuchu, popanda chomwe chachitika. A Mbewe anavula chipewa, n'kukhala pansi pafupi nane, chete, momwe timachitira pasiwa.

"Achimwene, kwagwanji?"

Ndikanayankha bwanji? Ine mlembi wa mpingo, bambo wa ana awiri, ndinene kuti ndikulirira masamba?

"N'zovuta kufotokoza, abambo."

"N'kumudzi?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Ndinkadziwa ndithu kuti ndikunama, koma ndinkati apemphera pang'ono n'kupitiriza ulendo wawo.

"Mayo! Paja apongozi anu aja anawagoneka m'chipatala sabata yatha," anatero a Mbewe, akupukusa mutu. "Mayi akunyumba adziwa?"

"Ayi, ali kuntchito, koma..."

"Musawatekisite! Nkhani zotere sitinena pafoni. Tisiyireni ife, we'll handle it."

Apa m'pamene ndikanawagwira mwendo n'kuulula. Koma manyazi anandimanga pakamwa, ndipo mtsinje unali usanandikwane. Ndinati ndiwaimbira madzulo. A Mbewe ananyamuka liwiro lomwe dokotala wawo akanasangalala nalo, ine n'kubwerera ku masamba anga, foni ili chithimire.

Ndinakhalitsa. Nditachoka ndinadutsa kogula zinthu, mtima uli myaa, ndikuyimba kamluzu. Ndinafika kunyumba cha m'ma 3 koloko.

Msewu wonse unali magalimoto okhaokha! Masofa anga anali panja pakapinga, azibambo atakhalapo, mitu ili pansi. M'nyumba munkamveka nyimbo ya maliro. Ndinali nditaiwala kuti kiyi wathu wapadera amakhala kwa a Mbewe. Neba wanga wachizungu anali pampanda, akufunsa ngati tikusamuka.

Nditalowa ndinapeza azimayi ali m'zitenje, atakhala pansi pakapeti, miyendo itatambasulidwa. Ena anachokera ku Indianapolis. Mayi Chisale, amene amakhala ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis pomwepo, anali kukhitchini ndi mapoto a mpunga ndi nkhuku, maso ali psuu.

"Pepani nonse," ndinayamba, "pali kulakwitsa pang'ono..."

"Khalani pansi, achimwene, musalankhule," anatero a Mbewe. "Imeneyo ndi shock."

"Ayi, ndikutanthauza kuti..."

"Mpatseni madzi! Chiyambire m'mawa munthuyu anali kumtsinje yekha, opanda nsapato. Mulungu yekha ndiye ananditumako!"

Azimayi anawonjezera kulira. Ine ndinamwa madziwo. Inde, ndinamwa, pamaliro abodza, m'nyumba mwanga momwe, ndikuwerenga maluwa a pakapeti.

Kenaka ndinamva galimoto ikuima panja. Amake Tadala.

Foni yawo imakhala yotsekeredwa m'loka ya kuntchito tsiku lonse, ndiye sankadziwa kanthu. Koma mkazi wa Chimalawi akaona masofa ake ali panja safunsa munthu. Anaponya chikwama pakhomo, manja kumutu.

"Amayi anga ine! Amayi anga!"

Anagwa pansi ndi yunifolomu yawo, azimayi n'kuwagwira. Kulira kumene kuja sindidzakuiwala. Manyazi onse amene ndinkawathawa chiyambire m'mawa anaoneka aang'ono. Ndinaimirira n'kukuwa ngati kondakitala.

"Amayi ali moyo! Sanamwalire!"

Nyimbo inaduka pakati.

"Nanga wamwalira ndani?" anafunsa mkazi wanga.

"Palibe."

"Palibe?" anatero a Mbewe. "Ndiye kumtsinje kuja mumalira chiyani?"

"Ndimangoona masamba, abambo. Kunali kokongola."

Mayi Chisale anatuluka kukhitchini, chipande chili m'manja.

"Masamba? Ine ndapanga call off, osapita kuntchito, ndadraiva maola atatu ndikulira pa highway, chifukwa cha masamba? Bwanji osabwera kwathu ku Beech Grove? Ali mbwee pabwalo, tikusowa wotisesera!"

Mkazi wanga anatenga foni n'kuimbira kumudzi, ndipo atamva mawu a amayi ake akudandaula kuti phala la m'chipatala n'lopanda shuga, analiranso kachiwiri. Atamaliza anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinakhumba akanandilalatira.

Azibambo anabweza masofa m'nyumba osandiyang'ana kumaso. Mpunga unadyedwa ndithu, poti unali utapsa kale, koma ine palibe anandipatsa mbale. Anthu asanabalalike, a Mbewe anati tiweramitse mitu.

"Atate, tikuyamikani kuti m'nyumba muno mulibe maliro," anapemphera motero. "Koma tikupempha kuti mumusunge m'bale wathuyu, pakuti ife tikunyamuka tsopano, ndipo atsala yekha ndi mkazi wake."

"Ameni!" anayankha azimayi onse, mwamphamvu kuposa pa Sabata.

Mukafuna kukasinkhasinkha za moyo kumtsinje, abale anga, nyamulani mbedza. Munthu wogwira mbedza palibe amamufunsa kuti kwagwanji.