Ndinangokana mwaulemu

Lolemba

Ndapsa mtima, choko chikuchita kundithyokera m'manja.

Kwabwera mtsikana wa ku kampani ya sitima yaing'ono ya panyanja, ija imanyamula alendo ofuna kuphunzira za dziko lino. Akufuna mphunzitsi mmodzi wa kumapiri kuno akawafotokozere za moyo wathu. Masiku asanu pamadzi, kuchokera ku Salima mpaka ku Likoma. Ahedi akuloza ine. Nanga akanaloza ndani? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikujambula nyanjayi pa bolodi, chonsecho ndimangoionera patali, pamwamba pa phiri la kuseri kwa sukulu, kunja kukayera.

Ine monga munthu woleredwa ndikuti, "Ine ayi, alipo anzanga oyenera." Ndikudikira andikakamize. Kwathu kuno munthu amakana kawiri, kachitatu n'kuvomera. Ngakhale ukulu wa mpingo ndinaulandira choncho.

Mtsikana uja: "Chabwino bambo. Nanga inu?"

A Kachingwe, aphunzitsi a masamu, mbatata ili m'kamwa: "Ndipita."

Walemba dzina, wapita. Kachingwe! Munthu woti sadziwa ngati Likoma ndi chilumba kapena msika wa tomato.

Lachiwiri

Malowo ndi anga, ndiwatenga, koma osaonetsa kuti ndikuwafuna. Dongosolo:

1. Kuwaopseza a Kachingwe.
2. Kutumiza mawu kwa ahedi kudzera kwa azimayi.
3. Foni isachoke m'thumba.

Pa buleki ndikuwafotokozera za mwera, mphepo yoyipa ya panyanja. Mafunde otalika ngati chigafa cha fodya. Kusanza mpaka ndulu. Ng'ona. Zina ndikuwonjezera ndekha.

Iwo akungolemba m'kope. "Mwandithandiza achimwene, zimenezi ndikawauzanso alendowo."

Lachitatu

Ndatuma akazi anga, a Nachisale, akawanong'oneze akazi a ahedi kuchigayo kuti bambo atapemphedwa bwino akhoza kuganizanso. Ndawabwereza mawuwo katatu. Angosenza chimanga, ulendo wa kuchigayo.

Foni yalira kamodzi. Mlamu wa ku Dzoole, akufuna kubwereka wilibala.

A Kachingwe ameta. Akuyenda pabwalo la sukulu akupendekera uku ndi uku, ati akuzolowera. Nsanje ikundiwawa ngati dzino, ndipo ndikuvomera, ndi nsanje.

Lachinayi

Mawu afika, koma atadutsa pakamwa pa anthu anayi. Ahedi amva zoti ndimaopa madzi.

Pa asembule andiyimiritsa kutsogolo. Ati ana atengere chitsanzo kwa ine, munthu wodziwa malire ake, wosiyira anzake mwayi. Sukulu yonse ikuwomba m'manja. Ine ndikumwetulira, mano akuchita kuuma.

Madzulo a Kachingwe ali pakhomo. Abwereka:
mapu anga a nyanja, ojambula ndekha;
kope langa la mbiri ya kuno;
chikwama;
jekete ya buluu, ya mgonero.

Ndingamukanize bwanji munthu wogawana naye mpanda? Ati kupatsa n'kuika. Amene anapeka mwambi umenewu analibe jekete.

Lachisanu

Mtsikana uja wabweranso, mpaka kunyumba! Mlendo wina wadwala, malo ena apezeka. Nkhope ndaiumitsa. A Nachisale ali pambali, akusefa thobwa.

"Bambo, mwina mwasintha maganizo?"

Ndikuwerenga mumtima: aka n'kachiwiri. "Aa, mwanawe, nanga ana a Sitandade 6 ndiwasiyira ndani?" Inde wanga ali kale pa lilime, akungodikira kachitatu.

"Ndamva kale kuti madzi simugwirizana nawo, musavutike." Watembenuka. "Nanga mayi? Alendo angakonde kuphunzira kuphika thobwa."

A Nachisale, osayang'ana n'komwe kwa ine: "Galimoto inyamuka nthawi yanji?"

Mkazi amene ndinamufunsira kanayi asanandilole!

Loweruka

Ndikusenza chikwama changa chomwe mpaka kumsewu, muli zovala za a Kachingwe. Kudzanja linalo, thumba la chimera cha a Nachisale. Jekete yanga ikuwakwana a Kachingwe kuposa ine, chimenechi ndiye chandipweteka kwambiri.

A Nachisale akupereka malangizo ali pawindo la galimoto: mbuzi zisalowe m'dimba la eni, mtedza uyanikidwe, nkhuku yakuda ikufungatira, isasokonezedwe.

Ndikufunsa chapansipansi chifukwa chake sanakane ngakhale kamodzi, anthu aziti bwanji. Ati, "Bambo, sitima siidikira kachitatu."

Fumbi kobo. Ndatsala ndi mbuzi.

Lamulungu

Kutchalitchi ndavala juzi. Aliyense akundigwira dzanja, ati ndine mwamuna wa mtima wabwino, wololeza mkazi kukaona dziko. Wina wandiuza kuti nayenso amaopa madzi, ndisachite manyazi.

Titaweruka ndakwera phiri. Kunja kwayera. Nyanja ndi iyo, kamzere kowala, monga mwa masiku onse. Foni yalira, chithunzi: a Nachisale akutakasa thobwa alendo atawazungulira, a Kachingwe ali m'jekete yanga, mapu anga awagwira chadodolido. Onse akuseka. Palibe amene akusanza.

Mawa phunziro la Sitandade 6 ndi la nyanja. Ndijambula kuchokera m'mutu, mapu ali pamadzi.

Potsika ndapeza a Nangozo, mayi oyandikana nafe, akuwotcha mbatata. "Aphunzitsi, simungalaweko ka..."

"Ndidya."

Andiyang'ana ngati ndatukwana. Ndatenga ziwiri.