Chishalo cha Hatchi pa Mtondo wa Apongozi

Amwene, musayambe kuseka ndisanayambe n'komwe, chifukwa ine nkhaniyi ndikangoikumbuka thukuta limatuluka ngakhale kuzizire bwanji. Mwakhala mukundifunsa chimene chinachitika kwathu tsiku lija kunabwera alendo a ku Limbe. Lero ndikuuzani, koma zithere pompano.

Mukudziwa kale kuti ine ndimakonza njinga pa Njuli, ndipo anyamata ambiri a kabaza amafikira pa ine. Ntchito imeneyi inandipatsa kamatenda kena: kutolera zishalo zakale. Zija zachikopa chenicheni, za masipuling'i awiri kumbuyo, zimene ankakhalira agogo athu popita ku maesiteti. Munthu akabwera kudzasinthitsa chishalo, chakalecho ine sinditaya, ndimachipukuta bwinobwino n'kukachikhomera pakhoma la pabalaza kunyumba. Mkazi wanga, make Mphatso, amadandaula kuti nyumba za anzake zili ndi makalendala ndi zithunzi za ukwati, yake yokha pakhoma pali pokhalira matako a anthu amene anafa kalekale.

Ndiye tsiku lina kunabwera mkulu wina wogula zitsulo zakutha, atanyamula chinthu m'thumba. Anati wachitola m'nyumba yosungiramo katundu pa esiteti ina yakale cha ku Namadzi. Atachitulutsa, ine ndinasiya zonse n'kuyandikira. Chishalo cha hatchi! Osati kachishalo wamba ayi, koma chachikulu chija cha makaubowi amene tinkawaonera m'mavidiyo tili anyamata, chikopa chojambulidwa maluwa, kanyanga kutsogolo, zopondera mapazi zili lende uku ndi uku. Ndinamupatsa wilo lakumbuyo ndi mapedulo, iye n'kumapita akuganiza kuti wandipusitsa, inenso n'kutsala ndikuganiza kuti ndamupusitsa. Hatchi yeniyeni ndinangoionapo patali ku phiri la Zomba, koma zimenezo zinali ndi ntchito yanji?

Sabata yomweyo kunyumba kunali nkhani yaikulu. Mwana wathu Mphatso anapeza mnyamata wa ku Limbe, ndipo akwawo kwa mnyamatayo amabwera Loweruka kudzaonekera. Mphatsoyo analibe mtendere, chifukwa azakhali ake a mnyamatayo ankanena poyera kuti mwana wawo akukatola mkazi kutchire. Anandipeza pakhonde, n'kugwada.

"Ababa, chonde, tsiku limenelo zishalo zanuzi zichoke pakhoma. Inu mudzangopereka moni basi, zinazo adzalankhula atsibweni. Akadzatinyoza azakhali aja, ukwati wanga watha."

Ankanena zoona mwanayo. Pamudzi paja ine ndine mkamwini, ndipo nkhani ya ukwati mwini wake ndi mlongo wa mkazi wanga, alamu anga a Likaka. Bambo ntchito yake n'kukhala phee n'kumagwedeza mutu. Ndinavomera, ndipo zishalo zonse za njinga ndinazitsitsadi. Koma mawu akuti kutchire aja anandikhala pammero. Mumtima ndinati, ngati anthu a m'tauniwa akutiyesa akutchire, aone chinthu chimene ngakhale ku Limbe kwawoko sanachionepo. Ndinkafuna kukweza mwana wanga, amwene, Mulungu ndi mboni.

Vuto linali loti chikopacho chinali chouma gwa, ming'alu yokhayokha. Munthu wanzeru akanagula polishi. Ine ndinapita kwa mnzanga wokazinga nkhumba pachiwaya, n'kumupempha mafuta otsala aja, akuda, okhala ndi tizinyenyeswa ta nyama. Ndinapaka pamwamba, ndinapaka pansi, ndinathira ngakhale m'ming'alu, mpaka chishalo chinawala ngati mphumi ya mwana wopita ku tchalitchi. Galu wathu anandilondola kuchokera kumsewu mpaka pakhomo, ine n'kumati wandisowa.

Tsopano chishalo cha hatchi sichikhomeredwa pakhoma, chimafuna msana woti chikhalepo. Ndinayesa pampando chinagwa, ndinayesa pandowa chinapendekeka. Lachisanu madzulo, kamvula katangokata, ndinaona mtondo uli kuseri kwa khitchini ya apongozi anga. Wonenepa mbali zonse, wowonda pakati, msana wa hatchi weniweni! Kodi mukudziwa kuti pa zaka zonse zimene ndakhala pamudzi uja sindinakhudzepo ngakhale chipande cha apongozi? Tikakumana panjira ndimapatuka, moni timapatsana wina akuyang'ana uku wina uko. Koma tsiku limenelo ndinaunyamula mtondowo ngati wanga, ndinaugoneka pa milu iwiri ya njerwa pakona ya pabalaza, ndinaukulunga ndi chitenje kuti mtengo usaoneke, n'kumangirirapo chishalo. Pamwamba ndinaphimba ndi nsalu yoyala pabedi. Make Mphatso atafunsa, ndinati ndi zishalo za njinga zija ndaziunjika pamodzi.

Loweruka m'mawa ndinadzidzimuka ndi phokoso. Apongozi amafuna kusinja nsinjiro zothira m'ndiwo za alendo, mtondo palibe. Anapita molunjika kwa a Nagama oyandikana nawo nyumba, amene amakonda kubwereka zinthu osanena.

"Inu a Nagama, mpaka mtondo? Mawa mudzatizula ndi denga lomwe!"

A Nagama nawo sanagonje, mawu anachuluka, anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Ine ndinali pakhonde ndikupukuta nsapato, ndinamva zonse, ndinangowerama n'kumapukutabe nsapato imene inali itawala kale. Ndinati alendo akangopita ndikaubweza mwakachetechete, ndani adzadziwe?

Alendo anafika chakumasana. Panali amalume ake a mnyamatayo, a Chikopa, bambo wamtali wosekaseka, ndi azakhali aja, chikwama chili pamaondo, maso ali kudenga ngati akuwerenga mabowo a malata. A Likaka anakhala kutsogolo, apongozi ndi make Mphatso pamphasa cha kukhomo, ine pampando wanga pakona, phee, monga ndinalonjezera. Mphatso anabweretsa thobwa, anagwada bwinobwino, n'kutuluka. Zonse zimayenda ngati njinga yothira girisi. Kenaka azakhali anafunsa, osandiyang'ana n'komwe.

"Nanga abambo a mwanayu amagwira ntchito yanji?"

"Amakonza njinga pa Njuli," anatero a Likaka.

"Oho. Njinga."

Amwene, oho ameneyo ndi amene anandipha. Ndinangozindikira ndaimirira, dzanja lagwira nsalu, ndakoka. Chishalo chija mbee! Make Mphatso ananditong'olera maso aja amene amatanthauza kuti tikambirana alendo akapita, a Likaka anatsokomola, ine osamva. Ndinayamba kufotokoza za makaubowi ngati ndinabadwira komweko, kuti kanyangaka n'komangirira chingwe pogwira ng'ombe, kuti chikopachi chinawoloka nyanja zamchere, zina ndinkangopeka pomwepo.

"Nanga hatchi yake ili kuti?" anafunsa a Chikopa.

"Hatchi ndi nkhani yaing'ono, bwana. Chovuta kupeza ndi chishalo."

Azakhali ananunkhiza m'mwamba. "Koma muno mukumveka fungo la pachiwaya."

Ndikanakhala pansi nthawi imeneyo, bwenzi lero ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma a Chikopa anali atakopeka, anayandikira n'kufunsa kuti kodi amakwera bwanji. Nanga munthu ungakane mlendo? Ndinatenga chipewa changa chotambalala cha pakaunjika, ndinavala, ndinaponda chopondera chakumanzere, mwendo wina ndinauponya uko, n'kukhala. Ine, bambo wa mbeta, mkamwini wa pamudzi, ndili tang'a pamtondo wa apongozi, apongoziwo ali pomwepo! Ndinagwira kanyanga ndi dzanja limodzi, linalo m'mwamba, ndipo ndikuchita manyazi kunena, ndinakuwa kuti "Hiyaa!"

Pamenepo m'pamene china chinandiluma kuntchafu.

Ndinati mwina ndi msomali, ndinasuntha pang'ono. Chinaluma china chakumtunda, kenaka china, kenaka zinangoyamba ponseponse ngati wina wandithira makala m'buluku. Linthumbu! Fungo la mafuta a nkhumba lija linaliitana kuchokera kunja ndi kamvula kaja, linadzaza m'mimba mwa mtondo ndi pansi pa chishalo, limangodikira chitsiru choti chikhalepo. Ndinayesa kulimba mtima, mano ndaluma, kukamwa ndikumwetulira, koma thupi linakana. Ndinayamba kudumphadumpha pachishalo, matako m'mwamba, matako pansi, miyendo ikumenya m'mbali.

A Chikopa anaomba m'manja. "Eee, taonani! Ngati ikuthamangadi!"

"Alamu, tsikani," anatero a Likaka chapansipansi.

Nditsike bwanji, phazi litakodwa m'chopondera? Ndinadumpha komaliza, njerwa zinagumuka, ine chagada phii, chipewa uko, chishalo pamimba. Mtondo unavuuka m'chitenje muja n'kuyamba kugubuduka pakati pa balaza, ukukhutula linthumbu ngati mpunga wotayika, unadutsa pamapazi a alendo, unagwetsa makapu a thobwa, n'kukaima pamphasa, pamaondo penipeni pa mwini wake. Azakhali anakwera pampando ndi nsapato zomwe, akukuwa kuti mayo ndafa ine. A Chikopa ankavina popanda ng'oma.

Tsopano inu mukulidziwa linthumbu. Silisasidwa, silinyengereredwa, likagwira lagwira, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha. Kuthawira kuchipinda sindikanatha, phazi linali likadali m'chishalo. Ndinayang'ana alendo, ndinayang'ana apongozi, ndinayang'ana kumwamba, kenaka ndinamasula lamba. Buluku la suti ndinavula pomwepo, pamaso pa anthu odzafunsira mwana wanga, n'kutsala ndi kabudula wamkati uja amene make Mphatso wakhala akundichonderera kuti ndimusandutse chopukutira njinga.

Apongozi sanakuwe. Anayang'ana mtondo, anauyendetsa chala pa mng'alu wake umene amaudziwa, n'kunena mawu awiri okha.

"Mtondo wanga."

Atatero anadziphimba kumaso ndi chitenje, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Ndikanakonda akananditukwana.

Nkhani ya ukwati anakaipitirizira pansi pa mtengo wa mango. Ine, phazi nditaliwonjola, ndinali kuchipinda, ndikuzula linthumbu limodzilimodzi m'malo amene sindingatchule, ndipo kuseri kwa nyumba ndinamva Mphatso akulira chapansipansi kuti alendo asamve. Apo ndiye kuseka kulibe, amwene. Ululu wa linthumbu unachepa. Mwana anandigwadira, anandipempha chinthu chimodzi chokha, chosavuta, chongokhala pansi n'kutseka pakamwa, ine n'kumuvula ulemu pamaso pa anthu amene ankamunyoza kale. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe ndi chishalo chomwe.

Ndinasuzumira pawindo. Mphatso anali atapukuta misozi, wagwada pamapazi a azakhali aja, akuwachotsa linthumbu m'masokosi ndi m'mphepete mwa diresi, modekha, akupepesa ngati walakwa ndi iye. Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndinati akulira, koma ayi, anali kuseka, anaseka mpaka chikwama chinagwa pansi.

"Alamu," anauza a Chikopa, "mwana woleredwa ndi bambo uja n'kukhalabe ndi nzeru chonchi, ameneyu palibe chimene chingamugwetse m'banja. Ife tamulola."

Ndinapuma. Ndinati basi, Mulungu wandikhululukira, zatha. Koma panatsala mwambo. A Likaka anakonza kukhosi, n'kunena kuti nawonso akuchikazi ayenera kufunsa za khalidwe la mnyamatayo, poti akudzalowa m'mudzi mwa eni: kodi amamwa, kodi ndi waulemu, kodi ndi wogwira ntchito? Asanamalize, apongozi, amene pamisonkhano yotere salankhula, anakweza dzanja. Mawu awo anamveka mpaka kuchipinda kwanga, mpaka kwa a Nagama amene anali ataima pampanda akumvetsera.

"Musawavutitse alendo ndi mafunso ambirimbiri. Ine langa ndi limodzi. Mwana wanuyo alendo akabwera, buluku lake amakhala nalo mpaka atapita?"

"Amakhala nalo, mayi," anayankha a Chikopa, akudziluma mlomo.

"Basi, abwere. Waposa kale amene tili nawo."

Chinkhoswe chili mwezi wamawa, ndipo nonse mwaitanidwa. Mukadzafika musadzandifunefune kutsogolo. Ndidzakhala kumbuyo kwenikweni, pansi, pamalo amene ndayamba ndasesa ndekha n'kuthira phulusa, lamba nditamanga pa bowo lomaliza. Ndipo wina aliyense, kaya ndi wa ku Limbe kaya ndi wochokera kumwamba, akadzandifunsa kuti kodi chakutichakuti amakwera bwanji, ine ndidzangoti sindikudziwa, bwana, ine ndimangokonza njinga.