Mlendo wa ku Madagascar m'dengu langa

Mwana wanga Tamanda ali Fomu 2, ndiye anamusankha kuti pa tsiku la makolo akafotokoze za kanyama kotchedwa lemur. Sabata yonse m'nyumba nkhani inali yomweyo: kamakhala m'nkhalango zamvula ku Madagascar, kamadya zipatso n'kumamwaza mbewu zake, ndipo aakazi ndiwo amatsogolera gulu. Apa ndinamuuza abwereze, bambo ake amvetsetse. Chomwe chinkamudandaulitsa n'chakuti chithunzi cha m'buku sichinkaoneka bwino, ankaopa kuti anzake amuseka.

Lachinayi ndili kunkhuni kuphiri, ndasuzumira m'mphako, ndikuona maso aakulu, mchira wabweya, timanja ngati ta munthu. Mayo ine, si kameneka? Paja anamondwe onse amati amachokera ku Madagascar, nanga kanthu kopepuka chonchi mphepo ingalephere kukanyamula? Inu mukanaganiza chiyani? Ndinakavundikira ndi chitenje kali ndi tulo, n'kukaika m'dengu, Tamanda osamuuza.

Mawa lake, tsiku la makolo lija, ndinakwera kabaza wopita kusukulu, dengu pamiyendo. Titayandikira Chiringa ndinamva kufunda pantchafu, ine n'kumati ndi dzuwa.

Mu holo ya sukulu, Tamanda atangoimirira, ine mkono m'mwamba, ine amene ngakhale kumvano mawu anga samveka. "Pepani aphunzitsi, mwanayu asavutike ndi chithunzi. Mwini wake ndabwera naye."

Ndavundukula. Bambo wina wachikulire anasuzumira m'dengumo.

"Amayi, mwavutikiranji? Si changa uyu, amene amatithera mapapaya?"

Asanamalize, changa uja joo paphewa pa ahedi, joo pamtanda wa denga, n'kumatiyang'ana tonse. Koma anthu sankayang'ananso kudenga, maso onse anali pa chitenje changa chatsopano, chonyowa kutsogolo konse, ndi fungo lake! Mayi wamkulu ngati ine! Tamanda anaphimba nkhope ndi kope, ndinadziwa kuti mwana ndamuonongera tsiku.

Koma anthu abwino alipo. Mayi wina wosamudziwa anamasula chitenje chake chapamwamba n'kundimangirira m'chiuno. Ndipo aphunzitsi a Nyirenda, osaseka n'komwe, anati, "Tamanda, tauze makolo, changa ndi lemur pali ubale?"

Kamawu kanatuluka kuseri kwa kope: "Ndi pachisuweni." Kenako anatsitsa kope lija n'kuyamba kuloza kudenga, onani maso, onani zala, nyanja yokha ndiyo inawalekanitsa. Anafotokozanso kuti changa amadzikodzera m'manja kuti asiye fungo panthambi zomwe wadutsa, anzake adziwe kuti malowo ali ndi mwini.

"Ndiye kuti amayiwa ali ndi mwini tsopano," anatero bambo wachikulire uja, holo yonse phwete, Tamanda nayenso, kenako m'manja.

Changayo anamugwira a zankhalango n'kumubwezera kumphako kwake. Ine ndinalumbira kuti nyama ya m'buku izikhala m'buku. Teremu ino Tamanda akuphunzira za ng'ona, ndipo wandiletsa kupita kumtsinje ndi dengu.