Chaki Chimene Chinavula a Jailosi

A Jailosi ankayenda chonchi: chifuwa patsogolo, mwendo wamanzere akuukoka ngati wobwereka, chipewa chili pakhutu limodzi. Tsiku limene tinakafunsira mayi Esinati, wamasiye wa m'komboni ya mgodi ku Bindura, ine ndili nkhoswe ya a Jailosiwo, anayenda choncho mpaka pampando. A Fulaisoni, mlongo wawo wa mayiwo, anali ndi funso limodzi.

"Tisanakupatseni munthu, bwanji komboni yonse imakutchani a Kabudula?"

A Jailosi anakhosomola, mawu n'kuwatsitsira m'mimba.

"Alamu, wotsutsa aime pano andiyang'ane m'maso! Ine nditangofika kuchokera ku Nyasalande, nkhondo ya Jeremani ili m'kati, anandiika ku wekishopu, kumene kuli makina osemera zitsulo. Makinawo ali ndi chimutu chogwira chitsulo, dzina lake chaki, ndipo chimalowa ndi mazinga ngati nati pa bawuti. Tsono mazinga aja anadyeka, chaki gwa pansi, mgodi wonse zii, madzi kudzaza m'chitsime cha mgodi, mzungu fita, wokonza makina, kukhala pa diramu n'kumalira mamina ali chuu, akuti chaki china chili m'sitima ya pamadzi ndipo sitimayo Jeremani wamiza. Mukumva?

"Ndinati, bwana, sunthani. Mazinga atsopano ndisema ndine. Koma chogwirira chitsulo ndi chomwe chafacho, ndiye ndinachipana ndi mawondo angawa, magetsi atathawa ndinapukusa makina ndi chala chachikulu chakuphazi, mpeni wosemera utathyoka ndinaikapo chikhadabo, chikhadabo chitapsa ndinaikapo dzino, n'chifukwa chake mukuona gwelu apa, ndipo chopalidwa chake chinatuluka chimodzi chosaduka, kupiringizika, kutuluka pawindo, kudutsa njanji, mpaka ku Kitsiyatota, kumene amayi akuyanikapo zovala mpaka lero. Mukafunse! Mazingawo anasalala mwakuti ntchentche itaterapo inaterereka n'kuthyoka chiuno.

"Chaki sindinachinyamule ayi. Chitangoona mazinga, chinadzuka chokha pansi, n'kudzipotokola chokha mpaka gwa! Ndiye nditachiliza, alamu, pali malemu amayi anga, mphepo yake inayamwa madzi onse a mumgodi n'kukawalavula mumtsinje wa Mazowe, Mazowe n'kuyenda chobwerera, sitima yapanjanji ya ku Shamva inafika ku Sozibele chafutambuyo apaulendo akutukwana, nkhuku za m'komboni zinasosoka nthenga zili moyo, ndipo ine amene ndinaima pafupi, mphepoyo inandizula kabudula, mabatani osamasuka, lamba ali chimangire, n'kumuulutsa mpaka anakagwera pamutu pa wapolisi ku Mutare. Mukumva? Dzinalo ndi mendulo yanga. Mlongo wanuyo akukwatiwa ndi munthu amene anapulumutsa mgodi!"

A Fulaisoni anatembenukira kwa ine. "Ankhoswe, n'zoona?"

Ndisanayankhe, mayi Esinati analankhula ali pakhomo, osakweza n'komwe mawu.

"Achimwene, musavutitse ankhoswe. Ine ndinalipo, ndinkagulitsa maheu pakhomo pa wekishopu. Bambowa ntchito yawo inali yosesa. Mazinga anasema ndi mzunguyo, ndipo atafuna kuyesa chaki anawakalipira m'Chilapalapa, chinenero cha m'migodi, kuti, 'Vula! Vula tshetsha!' Kunena kwake, tsegula chaki msanga. Iwowa, Chinyanja chili tho m'makutu, anataya tsache n'kuvula malaya. Mzungu kukuwanso, 'Vula, mampara, chitsiru iwe!' Iwo n'kuvula kabudula, kumupinda bwinobwino, kuima njo ngati msilikali."

A Jailosi anakokera chipewa chija kumaso.

"Ndiye mlongo," a Fulaisoni anafunsa akupukuta misozi ya kuseka, "tiwayankhe chiyani?"

"Ine zonse ndinaziona kale, dzuwa lili pamutu," anatero mayi Esinati. "Auzeni kuti ndakana."